U07.1, U07.2 ndi Z11.5: Manambala omwe amasankha yemwe awerengedwe pa mliri

Tengani buku lanu la kuchipatala, lija mumalikulunga m'jumbo kuti lisanyowe, mutsegule pomwe adalemba ulendo womaliza. Mupeza tsiku, zomwe mudadandaula, mankhwala omwe adakulemberani, ndipo pakati pa zonsezi pali kamzere kakafupi ka dzina la matenda. Nthawi zina kutsogolo kwa dzinalo kumakhala chizindikiro cha funso. Sikuti cholembera chidaterereka ayi. Dokotala akunena kuti akuganizira matendawo koma sadatsimikize.

Kamzere kameneka sikathera m'buku mwanumo. Kamalowa m'kaundula wa chipatala, nkusanduka nambala, nambalayo nkuphatikizidwa ndi zinzake pakutha pa sabata kapena mwezi, mpaka kukafika ku Lilongwe ndi ku Geneva. Mukamva pawailesi kuti m'boma lakutilakuti mwapezeka odwala ochuluka chotere, gwero lake ndi timizere ngati timeneti. Ndipo mankhwala, zipangizo zoyezera ndi mafuta a ambulansi zimatsata komwe manambala akuloza.

Covid-19 idasiya kukhala nkhani ya tsiku ndi tsiku, koma funso lomwe idatisiyira silidathe. Mu Epulo 2025 Unduna wa Zaumoyo udatsimikiza kuti matenda a mpox afika m'dziko muno, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho malamulo a zaumoyo a maiko onse, omwe adasinthidwa potengera zomwe zidachitika pa Covid-19, adayamba kugwira ntchito. Malamulowa amafuna kuti dziko lililonse lizinena msanga likaona matenda achilendo. Koma dziko linganene bwanji ngati m'kaundula simusiyanitsa munthu wodwala, munthu woganiziridwa, ndi munthu yemwe wangoyezetsa chifukwa akufuna kukwera basi ya ku Johannesburg? Tiyeni tiione nkhaniyi titaima ku Phalombe.

Khodi nchiyani?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limasunga mndandanda wa matenda onse odziwika, zovulala, ngakhalenso zifukwa zina zomwe munthu amapitira kuchipatala asakudwala. Mndandandawu umatchedwa ICD. Chilichonse m'menemo chili ndi nambala yakeyake, yoyamba ndi chilembo, yomwe achipatala amaitcha khodi. Kolera ndi A00. Malungo omwe sadatchulidwe mtundu wake ndi B54. Mpox ndi B04. Cholinga chake nchakuti dokotala wa ku Migowi, wa ku Milange ndi wa ku London, aliyense wolemba m'chinenero chake, akanena matenda amodzi kompyuta iwerenge chinthu chimodzi.

Ganizoli si latsopano. Lidayamba mu 1893 ndi katswiri wa ziwerengero wa ku France, Jacques Bertillon, yemwe ankafuna kuti mizinda iziwerenga zoyambitsa imfa mofanana. WHO idatenga ntchitoyi mu 1948. Mndandanda womwe maiko ambiri anali nawo pamene Covid-19 imabuka ndi wachikhumi, ICD-10, womwe udayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1994.

Tinene pomwe pano kuti pachipatala chaching'ono cha kumudzi simudzaona dokotala akutsegula chibuku cha ICD. Kumeneko mumakhala makaundula ndi mafomu a Unduna, okhala ndi mndandanda waufupi wa matenda omwe amaoneka kawirikawiri. Koma mafunso omwe makhodi a ICD amafunsa ndi omwewo omwe fomu yabwino imayenera kufunsa, ndipo malipoti akamatuluka m'dziko muno amamasuliridwa m'chinenero cha ICD chomwecho. Abale athu omwe ali ku South Africa amawaona makhodiwa ndi maso, chifukwa kumeneko kuyambira mu 2005 bilu ya dokotala yopita ku kampani ya inshulansi ya zaumoyo imayenera kukhala ndi khodi ya ICD-10, apo ayi ndalama sizituluka.

Matenda opanda nambala

Kumayambiriro kwa 2020 kudabwera matenda omwe munalibe m'ndandandamo. Mwamwayi, okonza ICD-10 adasiya malo ena opanda kanthu, oyamba ndi chilembo U, kudikira zadzidzidzi ngati zimenezi. WHO idatenga U07.1 nkuipereka ku Covid-19 yomwe yatsimikizika ndi kuyeza kwa labotale. Pasadathe nthawi, mu Malichi 2020, idaonjezera ina, U07.2, ya munthu yemwe zizindikiro zake ndi komwe wayenda zikuonetsa kuti ndi Covid-19 koma kachiromboko sikadapezeke, kaya chifukwa sadayezedwe kapena zotsatira sizidamveke bwino.

Khodi yachiwiriyi ndi yomwe idali yathu kwenikweni. Taganizani mmene zinthu zidalili. Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza odwala atatu oyamba pa 2 Epulo 2020, onse ku Lilongwe. Masiku amenewo malo oyezera kachiromboka adali owerengeka, m'mizinda ikuluikulu. Boma la Phalombe, lomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti muli anthu 429,450, lidalibe ngakhale chipatala chachikulu cha boma. Odwala kwambiri ankatumizidwa ku chipatala cha mishoni cha Holy Family, kapena kupitirira mpaka ku Zomba ndi ku Blantyre. Chipatala cha boma cha ku Migowi, chomwe chidapatsidwa dzina la John Chilembwe, chidadzatsegulidwa mu 2022, mafunde akuluakulu a mliriwu atadutsa kale.

Ndiye gogo wa ku Nkhulambe kapena ku Nambazo yemwe adayamba kutsokomola ndi kubanika mu Januwale 2021, mwezi womwe nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi, adali ndi njira zingati zoti alowere m'chiwerengero? Adayenera kufika kuchipatala, tsikulo nkupezeka kuti zoyezera zilipo, madzi a m'mphuno nkutengedwa, nkufika ku labotale ali bwino, zotsatira nkubwerera. Pakaduka pamodzi pokha, gogoyo amatsala ndi chizindikiro cha funso m'buku mwake, kapena amalembedwa chibayo. Malipoti omwe tinkamva madzulo aliwonse, aja ankawerenga boma ndi boma, ankanena za otsimikizika okha. M'chinenero cha ICD, tinkamva U07.1 basi.

Sindikunena kuti kuwerenga otsimikizika okha kudali chinyengo. Maiko ambiri adachita chimodzimodzi, ndipo chifukwa chake nchomveka: chifuwa ndi kutentha thupi kuno kwathu zingakhale malungo, chibayo, TB kapena chimfine wamba, ndiye mukati aliyense wotsokomola alembedwe Covid-19, nambala ifufuma yopanda tanthauzo. Chomwe ndikunena nchakuti nambala ya otsimikizika imayeza zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuchuluka kwa matenda ndi kuchuluka kwa zoyezera, ndipo simungathe kuzilekanitsa pongoyang'ana nambalayo. Boma likaoneka loyera pa mapu, mwina mulibedi matenda, mwina mulibe labotale.

Umboni ulipo. Pofika pomwe WHO imalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 si ngozi yadzidzidzi ya dziko lonsenso, Malawi idali italemba odwala osafika 90,000 ndi imfa zosafika 2,700. Koma ofufuza atayeza magazi omwe anthu adapereka ku bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, adapeza kuti pofika pakati pa 2021 oposa theka la opereka magaziwo adali ndi zizindikiro m'magazi zoonetsa kuti adakumanapo ndi kachiromboka. Opereka magazi si chithunzi cha Amalawi onse, ambiri ndi achinyamata ndipo ambiri ndi a m'tauni, komabe mpata wa pakati pa manambala awiriwa ndi waukulu moti sungabisike.

Anthu atatu pamzere umodzi

Tsopano tifike pa mutu weniweni. Yerekezani kuti pamzere woyezetsa paima anthu atatu. Woyamba ndi mayi yemwe akutsokomola ndipo thupi latentha. Wachiwiri ndi mwamuna yemwe sakumva chilichonse, koma mkazi wake adapezeka ndi kachirombo dzana. Wachitatu ndi mnyamata wathanzi lake, sadakhudzane ndi wodwala aliyense yemwe akumudziwa, akungofuna chikalata choti aonetse pachipata cha Mwanza.

Onse atatu alowetsedwa kathonje m'mphuno mofanana. Koma kwa wolemba makhodi, awa ndi maulendo atatu osiyana. Mayi woyamba akuyezedwa pofuna kudziwa chomwe chikumudwalitsa; zotsatira zisanabwere amalembedwa zizindikiro zakezo, chifuwa ndi kutentha thupi. Mwamuna wachiwiri ali m'gulu la okhudzana ndi matenda opatsirana, lomwe mu ICD-10 lili pa Z20. Mnyamata wachitatu ndiye yekha amene akuunikidwa, kutanthauza kuyeza munthu wopanda zizindikiro ndi wopanda mbiri yokhudzana ndi wodwala, ndipo khodi yake mu ICD-10 ya WHO ndi Z11.5, kuunika matenda ena oyamba ndi mavairasi. Taonani chilembocho: makhodi oyamba ndi Z sanena kuti munthu akudwala. Amangonena chomwe chamubweretsa. Aliyense mwa atatuwa akapezeka nako kachirombo, apo mpamene U07.1 imalowa.

M'Chichewa chathu cha tsiku ndi tsiku zonsezi timangoti kuyezetsa, nchifukwa chake kusiyanaku kumatipita. Komatu tidazolowera kale pa HIV. Mayi woyembekezera akayezedwa kusikelo, kapena mnyamata akadziyeza yekha ndi kachipangizo ka m'kamwa, kumeneko nkuunika, ndipo ICD idakupatsa nambala yake, Z11.4. Aliyense amadziwa kuti kachipangizo kodziyezera kakaonetsa mizere iwiri, munthu sayamba mankhwala pompo. Amapita kukatsimikiza kuchipatala. Makaundula a HIV m'dziko muno amafunsa zambiri: munthu wayezedwera pati, adayezetsapo kale kapena ayi, zotsatira nzatsopano kapena ankazidziwa. Padapita zaka zambiri ndi ndalama zambiri kuti afike pamenepo. Covid-19 idafuna zomwezo m'masabata ochepa.

Ku America, komwe khodi iliyonse imasanduka ndalama, nkhaniyi idavuta mpaka kufuna chigamulo. Iwo ali ndi mtundu wawo wa ICD-10 wokhala ndi manambala ataliatali. Poyamba woyezetsa wopanda zizindikiro ankamulemba Z11.59. Pa 1 Januwale 2021 adakhazikitsa makhodi atsopano, Z11.52 ya kuunika Covid-19 ndi Z20.822 ya wokhudzana kapena woganiziridwa kuti wakhudzana ndi Covid-19. Chodabwitsa nchakuti malangizo awo adati pa nthawi ya mliri khodi ya kuunika ija isagwiritsidwe ntchito. Maganizo ake adali akuti matenda akafalikira paliponse, palibe yemwe anganene motsimikiza kuti sadakhudzane nawo. Wakwera basi, wapita kumsika, wakhala pamaliro. Choncho ngakhale woyezetsa chifukwa akukachitidwa opaleshoni ankalembedwa ngati wokhudzana ndi matenda. Z11.52 idadikira mpaka mu Okutobala 2023, boma lawo litalengeza kuti nthawi yadzidzidzi yatha.

Maganizo amenewa ndi omveka kwa wolipira bilu. Kwa wowerenga mliri, ine ndikuona kuti ali ndi mtengo wake, chifukwa amaponya mwamuna wachiwiri uja ndi mnyamata wachitatu m'dengu limodzi. Ndipo dengu limenelo ndi lomwe tikufuna kulisanthula.

Masamu pang'ono, musathawe

Mu Sepitembala 2020 WHO idati zipangizo zoyezera mwachangu, zija zotulutsa zotsatira m'mphindi zochepa, zikhale zotha kupeza osachepera 80 mwa anthu 100 omwe alidi ndi kachirombo, komanso zotha kunena zoona pa osachepera 97 mwa anthu 100 omwe alibe. Tiyeni titenge chipangizo chomwe chili pamalire penipenipo, ndipo manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti tione mmene zimayendera.

Muyeze anthu 1,000 athanzi pamsika, pomwe 10 okha ndiwo ali ndi kachirombo. Chipangizo chipeza 8 mwa 10 aja. Koma mwa 990 opanda kachirombo, chinamizira pafupifupi 30. Ndiye anthu 38 auzidwa kuti apezeka nako, pomwe enieni ndi 8.

Tsopano muyeze anthu 1,000 otsokomola pachimake pa mliri, pomwe 300 alidi nako. Chipangizo chomwecho chipeza 240, nkunamizira 21 mwa 700 otsalawo. Pa anthu 261 omwe auzidwa kuti ali nako, 240 ndi enieni.

Chipangizo nchimodzi, woyeza ndi mmodzi, koma mawu akuti "mwapezeka nako" alemera mosiyana kutengera chomwe chidakuimikani pamzere. Nchifukwa chake zotsatira za kuunika munthu wathanzi nthawi zambiri zimafuna kutsimikizidwa ndi kuyeza kwina. Ngati kaundula sadalembe chifukwa choyezera, palibe angadziwe pambuyo pake kuti ndi zotsatira ziti zomwe zidafunika kukayikiridwa.

Palinso nambala ina yomwe tidaizolowera nthawi ija: mwa anthu 100 oyezedwa, angati apezeka nako. Mu Meyi 2020 WHO idalangiza kuti nambala imeneyi ikakhala pansi pa 5 kwa masabata awiri, ndi chimodzi mwa zizindikiro zoti mliri wayamba kugonja. Koma onani mmene imapusitsira. Sabata ino muyeze odwala okhaokha, ikwera. Sabata yamawa muphatikizemo apaulendo mazanamazana athanzi lawo, itsika, matenda asadasinthe ngakhale pang'ono. Zimachitikanso mbali inayo. Mu Januwale 2021 ophunzira oposa 300 adapezeka ndi kachirombo pa sukulu ya sekondale ya Lilongwe Girls atayezedwa onse pamodzi. Nambala yotero ikalowa m'lipoti la tsiku limodzi, boma lonse limaoneka ngati layaka moto, pomwe kwenikweni ndi sukulu imodzi yomwe yaunikidwa bwino. Sukulu yogonera ya kumudzi yomwe sidafikiridwe ndi oyeza imakhala chete m'lipotimo, ngakhale ana akutsokomola usiku wonse.

Ndipo pali gulu lina lomwe silikwana bwino m'danga lililonse: oyezedwa omwe zotsatira zawo sizidawapeze. Kumapeto kwa Meyi 2020 anthu oposa 400 omwe adabwera pa mabasi kuchokera ku South Africa adachoka pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre, pomwe ankasungidwa podikira zotsatira, nkumwazikana kumakwawo. Ku labotale nambala idalipo. Munthu wake adali atakwera kale minibasi.

Ulendo wa pepala

Lipoti la chipatala chaching'ono limayamba ndi dzanja la munthu wotopa. Dokotala mmodzi akhoza kuona odwala ochuluka kwambiri tsiku limodzi, ndipo kulemba kumabwera pambuyo pa kuchiza. Alangizi a zaumoyo a m'midzi amabweretsa zawo. Matenda omwe ali pa mndandanda wofunika kunenedwa msanga amatumizidwa ku ofesi ya zaumoyo ya boma kudzera m'ndondomeko yotchedwa IDSR, ena pompopompo, ena pa sabata, ena pa mwezi. Kumeneko amalowetsedwa m'kompyuta, pa pulogalamu ya DHIS2, ndipo bungwe la Public Health Institute of Malawi ku Lilongwe limaphatikiza za maboma onse.

Paliponse pamene pepala likusintha manja, china chake chimatha kugwa. Chizindikiro cha funso chija nchomwe chimayamba kutayika: dokotala walemba kuti akuganizira, wokopera walemba dzina la matenda lokha, ndipo woganiziridwa wasanduka wotsimikizika popanda woyeza. Kapena fomu ilibe danga la woganiziridwa, ndiye amangomusiya. Ndidaonapo pa chipatala china mlembi akudzaza fomu ya mwezi ndi tochi ya pafoni magetsi atazima, makaundula atatu ali pamiyendo. Sindidamufunse za ICD.

Phalombe ili ndi zovuta zake zapadera. Ili m'malire ndi Mozambique, ndipo anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi, amakwatirana, amagulitsana nandolo ndi nsomba za ku Chilwa, amapita ku chipatala chomwe chili pafupi posayang'ana mbendera. Wodwala wochokera tsidya lina akapezeka ndi matenda kuno, awerengedwa kuti? Ngati fomu imalemba komwe wayezedwera osati komwe amagona, otsatira okhudzana naye asochera. Kenako pali madzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula miyala ndi matope kuchokera m'mapiri, ndipo dera la Nkhulambe, pamodzi ndi chipatala chake, lidali m'gulu la malo omwe adaonongeka kwambiri. Tikamawerenga zomwe zidatayika timatchula miyoyo, nyumba, milatho ndi mankhwala, ndipo nkoyenera. Koma buku la kuchipatala ndi pepala, kaundula ndi pepala. Munthu yemwe mbiri ya matenda ake idali m'jumbo ija basi amayambiranso pa tsamba loyera.

"Akungolemba Covid aliyense"

Mawu amenewa mudawamva, mwina mudawanenapo. Ankamveka pamaliro, pamene achibale aletsedwa kusambitsa thupi, ndipo adakula pamene zidadziwika mu 2021 kuti ndalama zina mwa K6.2 biliyoni zolimbanira ndi mliriwu sizidayende bwino, mpaka nduna ya zantchito Ken Kandodo kuchotsedwa pa udindo. Anthu adalumikiza ziwirizi: ngati pali ndalama za Covid-19, ndiye kuti dokotala akalemba Covid-19 pali chomwe akupeza. Mkwiyo wa ndalama zija udali ndi maziko. Koma zomwe zidatuluka poyera zidali za maalawansi ndi kagulidwe ka katundu, osati malipiro a pa mtembo.

Lamulo la kalembedwe ka imfa lidali lomveka. Mu Epulo 2020 WHO idati imfa iwerengedwe ya Covid-19 ngati munthu wamwalira ndi matenda ogwirizana ndi Covid-19, ali wotsimikizika kapena woganiziridwa kwambiri, pokhapokha patakhala chifukwa china choonekeratu. Munthu yemwe ali ndi kachirombo koma wafa pa ngozi ya njinga yamoto, imfa yake ndi ya ngozi. Munthu wa shuga yemwe wagwidwa ndi Covid-19, nkudwala chibayo, nkulephera kupuma, imfa yake ndi ya Covid-19, ndipo shuga amalembedwa m'gawo lachiwiri la chikalata ngati matenda omwe adathandizira. Chikalata cha dokotala chimalembedwa ngati unyolo, kuyambira chomwe chidamaliza munthu kubwerera m'mbuyo mpaka chomwe chidayambitsa, ndipo choyambitsacho ndicho chimatenga khodi yowerengedwa. Achibale akamati "koma bambo athu ankadwala shuga kalekale" akunena zoona, ndipo dokotala nayenso akunena zoona. Chomwe chinkasowa ndi munthu woti akhale nawo pansi nkuwafotokozera unyolowo.

Vuto lalikulu lidali mbali inayo, kuwerenga mopereweza. Kuyambira mu 2015 lamulo limafuna kuti imfa iliyonse ilembetsedwe ku National Registration Bureau, koma imfa zambiri za kumudzi zimachitikira pakhomo, pomwe palibe dokotala wolemba choyambitsa. Amfumu adziwa, mpingo udziwa, manda akumbidwa, khodi palibe. Padziko lonse WHO idawerengera kuti m'zaka za 2020 ndi 2021 mudafa anthu pafupifupi 14.9 miliyoni kuposa omwe akadafa mliri ukadapanda kubwera, pomwe imfa za Covid-19 zomwe maiko adanena zidali pafupifupi 5.4 miliyoni.

Zomwe zili patsogolo

Mndandanda watsopano, ICD-11, udayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022, ndipo maiko akusamukirako pang'onopang'ono. Udakonzedwa kuti uzigwira ntchito pa kompyuta ndi pafoni, munthu nkulemba dzina la matenda, makina nkumupatsa khodi. M'menemo Covid-19 yotsimikizika ndi RA01.0 ndipo yosatsimikizika ndi RA01.1, kusiyanitsa kuja sikudatayidwe. Izi zingapeputse ntchito, koma zimafuna magetsi, netiweki ndi anthu ophunzitsidwa, zinthu zitatu zomwe chipatala cha kuseri kwa phiri la Michesi sichingazidalire tsiku lililonse.

Ndipo zikubwera pa nthawi yoipa. Mbali yaikulu ya ntchito yosunga ndi kutumiza ziwerengero za zaumoyo m'dziko muno, makamaka makompyuta a m'zipatala za ma ARV ndi alembi ambiri, yakhala ikudalira thandizo la boma la America. Thandizoli litaimitsidwa mu Januwale 2025 ndipo bungwe la USAID nkutsekedwa, nkhawa ya aliyense idali pa mankhwala, monga kuyenera. Mlembi wa ziwerengero salira mokweza akachotsedwa ntchito, ndipo palibe wodwala amene amadandaula kuti fomu sidatumizidwe. Zimadzaonekera patapita miyezi, pamene matenda abuka m'dera lina ndipo palibe yemwe adaona manambala akukwera.

Mpox ikutiyesa kale pa mfundo yomweyi. Zotupa pakhungu zingakhale mpox, zingakhale katsabola, zingakhale mphere kapena chindoko. Popanda labotale munthu ndi woganiziridwa basi, ndipo okhala naye nyumba imodzi ndi okhudzana ndi wodwala, omwe amayang'aniridwa masiku 21. Awa ndi magulu atatu, ndipo lipoti lomwe likuwaphatikiza kapena kutaya awiri mwa iwo likusokeretsani. Mukamawerenga nkhani pafoni panu yoti "anthu akutiakuti apezeka ndi matenda", dzifunseni kuti ndi otsimikizika kapena oganiziridwa, ayezedwa angati, ndipo oyezedwawo adali odwala kapena athanzi. Atolankhanife timalakwa pano kawirikawiri, chifukwa mutu wa nkhani ulibe malo a mawu akuti woganiziridwa.

Kwa inu nokha, muli ndi ufulu wofunsa chomwe chalembedwa m'buku mwanu. Mukayezedwa, funsani ngati zotsatirazo nzomaliza kapena zikufunika kutsimikizidwa, ndipo ngati zatumizidwa ku labotale, funsani tsiku lobwera kudzamva ndi kusiya nambala ya foni yomwe imagwiradi. Nenani zoona za chomwe chakubweretsani, kaya ndi ulendo, kaya mwasamalira wodwala, ndipo tchulani mudzi womwe mumagona ngakhale uli tsidya la malire. Mukaona kuti chomwe chalembedwa sichikugwirizana ndi chomwe mwauzidwa, bwererani kwa yemwe walemba akonze tsiku lomwelo, kaundula asadatsekedwe. Wachibale akamwalirira kuchipatala, pemphani dokotala akuwerengereni unyolo wa pa chikalata mzere ndi mzere. Ngati muli kutali ndi chipatala ndipo mukufuna kufunsa, nambala ya 929 ya Chipatala Cha Pa Foni ndi yaulere. Ndipo popeza foni muli nayo m'manja, jambulani masamba a buku lanu la kuchipatala ndi a ana anu mvula isanayambe.